Mdima, Akuba ndi Mphamvu za Bungwe la M'dera: Mayankho kwa Owerenga a ku Salima

Makalata ambiri amene tasankha mwezi uno achokera ku Salima, ndipo akukhudza kuzimazima kwa magetsi, umbava umene umabwera ndi mdimawo, komanso mabungwe amene anthu okhala dera limodzi akukhazikitsa pofuna kudziteteza. Ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO

Akonzi, ine ndine mlembi wa bungwe limene anthu okhala m'dera lathu, kufupi ndi Kamuzu Road, tinakhazikitsa titatopa ndi akuba. Magetsi akazima usiku, iwo amathyola nyumba ndi maokala, amasolola mafoni pa mawindo amene anthu amasiya otsegula chifukwa cha kutentha, ndipo posachedwapa anakhetsa mafuta a m'thiransifoma yathu n'kuchotsamo mawaya, moti dera lonse lili mu mdima mpaka lero. Pa msonkhano wapitawu anthu anagawanika. Ena akuti tilembe ntchito anyamata amphamvu oti aziyenda usiku ndi zibonga, ndipo wogwidwa aziona zakuda pomwepo, poti kumupereka kupolisi n'kutaya nthawi chifukwa mawa lake amatuluka pa belo. Ena akuti chitetezo ndi ntchito ya boma, ife yathu n'kudandaula basi. Kodi bungwe ngati lathu lili ndi mphamvu zotani, ndipo tiyambire pati?
Mlembi wa bungwe, Salima

YANKHO

A Mlembi, magulu onse awiri a pa msonkhano wanu akulakwitsa, koma kulakwa kwawo sikufanana kukula. Amene akuti muzingodandaula adzakusiyani mu mdima womwewo. Amene akufuna zibonga adzatengera ena mwa inu ku ndende, ndipo akuba adzakhalabe ali pomwepo.

Chitetezo cha m'madera ndi chinthu chimene malamulo a dziko lino amachidziwa. Lamulo loyendetsera apolisi la chaka cha 2010 limavomereza kuti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu wamba, ndipo pa polisi ya boma lililonse pamakhala wapolisi woyang'anira ntchito imeneyi. Pali makomiti a chitetezo a pa mudzi, a kwa gulupu ndi a kwa mfumu yaikulu, ndipo magulu olonda usiku a m'matauni, amene anthu amangowatcha aneba, amalowa m'dongosolo lomweli. Choncho ulendo wanu woyamba ukhale wa ku polisi ya Salima, inu ndi apampando anu pamodzi ndi mfumu ya m'deralo, mutanyamula mayina a anthu amene adzilonda. Pemphani kuti wapolisiyo abwere pa msonkhano wanu kudzafotokoza yekha zimene olonda angachite ndi zimene sangachite. Mawu omwewo akachokera pakamwa panu anthu adzati mlembi ndi wamantha, koma akawamva kwa munthu wa yunifomu adzakhala chete n'kumvetsera.

Mphamvu imene muli nayo ndi iyi. Munthu wamba ali ndi chilolezo chogwira munthu amene wamupeza akuchita mlandu waukulu monga kuthyola nyumba, koma chilolezocho chimathera pa kumugwira ndi kumupereka kwa apolisi mosachedwa. Kumumenya, kumutsekera m'nyumba ya wina mpaka mawa, kumuumiriza kuti aulule anzake, kapena kumulipiritsa ndalama kuti amasulidwe, zonsezo ndi milandu. Wogwidwayo akafa, mlandu wakupha sugwera yekha amene anamenya komaliza; umatha kugwera aliyense amene anatengako mbali, ndipo mlandu suwola. Apolisi akadzabwera adzayambira pa buku lanu lomwelo la mayina a olonda a usiku umenewo.

Palinso chifukwa china chimene anthu okwiya amaiwala. Ku Salima anthu oyenda usiku pa zifukwa zabwino ndi ambiri: wogula usipa amene akuthamangira ku Senga Bay mbandakucha, wa kabaza amene wasiya munthu kuchipatala, woyendetsa chigayo amene amadzuka pakati pa usiku magetsi akayaka kuti agaye matumba amene anaunjikana masana. Mu mdima wa ndiweyani, pakati pa anthu otentha mitima, munthu wotere sapatsidwa mpata wofotokoza.

Nkhani ya belo ndiyo imene ndikufuna muikhalire pansi ndi anthu anu, chifukwa ndiyo imabala ukali wonsewu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48, ndipo limamupatsa ufulu wotuluka pa belo pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Belo si kumasulidwa ku mlandu. Munthuyo amayembekezeka kubwera ku khoti pa tsiku limene wapatsidwa. Chimene chimapha milandu yambiri ya umbava ndi kusowa kwa mboni. Mwini katundu akangolandira foni yake kapena njinga yake safunanso kutaya tsiku la ntchito ku khoti, olonda amene anagwira wakubayo amaopa kuonekera, ndipo woweruza sangamange munthu popanda umboni. Kenako anthu omwewo amene sanapite kukachitira umboni ndiwo amayamba kunena kuti akuluakulu adya ndalama. Apa ndi pamene bungwe lanu lingaonetse mphamvu imene munthu mmodzi alibe. Sankhani munthu wotsatira mlandu uliwonse, wodziwa tsiku lake ndi wapolisi amene akuufufuza. Patulani kandalama koyendera mboni. Ndipo tsiku la mlandu mboni isapite yokha, aperekezi akhalepo. Wakuba amene waona anthu a dera limodzi atadzaza benchi la m'khoti amadziwa kuti kumeneko sikobwererako.

Za kulemba ntchito anyamata amphamvu, ine sindikukulimbikitsani. Munthu amene mwamulipira kuti aziyenda usiku amadziwa m'masabata ochepa nyumba imene ili ndi galu ndi imene ilibe, mwini wake amene wapita ku Lilongwe, ndi zenera limene silitsekeka bwino. Mwezi umene msonkhemsonkhe wavuta, ndipo mwezi wotero udzafika ndithu, chidziwitso chonsecho chimakhala m'manja mwa munthu wokwiya amene sanalipidwe. Kulonda mosinthana kwa eni nyumba n'kotopetsa koma n'kodalirika. Ngati simungachitire mwina, lembani anthu okhala m'dera lomwelo, odziwika kwa mfumu, amene ziphaso zawo za unzika mwaziona ndipo mayina awo apolisi awaunika. Zida zawo zikhale tochi, wenzulo, majekete owala owazindikiritsa, ndi foni yokhala ndi mayunitsi komanso nambala ya wapolisi wa pa ntchito usiku umenewo. Nyumba iliyonse ikhalenso ndi wenzulo yake, ndipo mugwirizane kuti ikalira anthu azituluka ndi matochi onse nthawi imodzi.

Tsopano za thiransifoma. Akuba amakonda nthawi imene magetsi azima chifukwa ndi pamene angaikwere osagwidwa ndi magetsi. Chimene amafuna ndi mawaya a kopa a m'kati mwake, amene amagulitsa kwa ogula zitsulo, komanso mafuta amene ntchito yake ndi kuziziritsa thiransifomayo ndi kutchinga kuti mphamvu isadumphire posayenera. Mafutawo akangokhetsedwa, magetsi akabwera thiransifomayo imapsa, ngakhale mawaya atakhala kuti sanakhudzidwe. Ntchito imeneyi si ya munthu wongodutsa. Imafuna zida, nthawi, anthu angapo ndi chonyamulira. Ichi ndi chifukwa chake olonda anu, magetsi akazima, malo awo oyamba akhale pa thiransifoma, osati pa msewu waukulu. Lambulani udzu ndi zitsamba mozungulira, ikani nyali ya sola pa mtengo wanuwanu chapafupi, osati pa pholo la magetsi, ndipo nyumba zoyandikana nayo zikhale ndi nambala za olonda. Mukaona anthu akukwera kapena galimoto itaima pamenepo usiku, funsani ziphaso zawo za ntchito muli chapatali, lembani nambala ya galimotoyo ndi kuimbira apolisi. Inu eni musakhudze chilichonse, chifukwa magetsi amabwera osachenjeza. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango cha owononga zipangizo za magetsi kufika pa zaka 30 m'ndende, koma lamulo lokhwimalo limadikirabe mboni ngati lamulo lina lililonse.

Kuti thiransifoma ina ibwere, lembani kalata imodzi m'dzina la bungwe, yokhala ndi tsiku limene inawonongedwa, umboni wakuti munakanena kupolisi, ndi nambala za mamita a nyumba zonse zokhudzidwa. Tchulani ngati pali sukulu, chipatala chaching'ono kapena chigayo chimene chaima. Kaperekeni ku ofesi ya ESCOM, mutsale ndi kope lodindidwa, ndipo lina lipite kwa khansala wanu. Pakapita nthawi popanda yankho lomveka, bungwe la MERA, limene limayang'anira makampani a mphamvu m'dziko muno, limalandira madandaulo a ogula, ndipo lidzafuna kuona makalata omwewo.

Pomaliza, poti ndinu mlembi, gulani buku lolimba. Muzilembamo tsiku ndi ola limene magetsi azima ndi kuyaka, komanso umbava uliwonse, malo ake ndi nthawi yake. Pakatha miyezi ingapo bukulo lidzakuuzani njira imene akuba amalowera ndi maola amene amakonda, ndipo mukadzapempha apolisi kuti azizungulira kwanu simudzanena kuti “zinthu zavuta,” mudzawasonyeza masamba.

FUNSO

Akonzi, chimandizunguza mutu ndi ichi. Kuno ku Salima tili ndi malo aakulu opangira magetsi a mphamvu ya dzuwa, ndipo anthu anapereka minda yawo kuti amangidwe. Nanga bwanji ife eni dera timagona mu mdima? M'bungwe lathu ena akuti tilembe kalata yopempha kuti magetsi amenewa ayambe akwanira Salima, otsalawo ndiwo azipita kwina. Kodi zingatheke?
Bambo wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, Salima

YANKHO

Aphunzitsi, funso lanu n'lomveka, ndipo anthu a ku Nkhotakota, kumene kulinso malo otere, amafunsa chimodzimodzi. Koma kalatayo musavutike kuilemba, chifukwa chimene chikulepheretsa si mtima wa munthu wa mu ofesi. Ndi mmene magetsi amayendera.

Malo a ku Salima, amene anamangidwa ndi kampani ya JCM n'kutsegulidwa mu 2021, amatha kupanga mamegawati 60 (megawati ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi) dzuwa likawala bwino. Magetsiwo amagulitsidwa ku ESCOM ndipo amalowa pa siteshoni ya Nanjoka m'mawaya akuluakulu olumikiza dziko lonse. Akalowa mmenemo sasiyanitsidwanso ndi ochokera ku Nkula kapena ku Tedzani, monga mmene madzi a mtsinje wa Linthipe akathira m'nyanja simungawatungenso padera. Usiku, pamene dzuwa palibe, babu lanu limayaka ndi mphamvu yochokera ku mtsinje wa Shire, ndipo anthu a ku Neno kapena ku Chikwawa, kumene kuli malo opangira magetsi a pa mtsinjewo, akanati nawonso ayambe akhuta okha, Salima ikanavutika koposa.

Mfundo yaikulu ndi ya nthawi. Anthu amafuna magetsi ambiri madzulo, pamene akuphika, kuyatsa mababu ndi kuonera wailesi yakanema, ndipo ndi nthawi yomweyo imene dzuwa lalowa. Mphamvu ya dzuwa imafika pachimake masana, ndipo kuti isungidwe mpaka madzulo pamafunika mabatire akuluakulu okwera mtengo. Malo a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, anamangidwa ndi mabatire otero, koma ndi ochepa poyerekeza ndi zimene dziko lonse limafuna. Kotero mdima umene ukusautsa bungwe lanu, wa madzulo ndi usiku, ndi mdima umene sola payokha singauchotse.

Gwero lalikulu la magetsi athu likadali mtsinje umodzi. Kuyambira mu 2017 ntchito yopanga magetsi ili m'manja mwa EGENCO, pamene ESCOM inatsala ndi yowanyamula ndi kuwagawa, ndipo malo akuluakulu a EGENCO, a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, onse ali pa Shire. Nyanja ikaphwa, monga zinachitikira cha m'ma 2016 ndi 2017, madzi oyendetsa makina amachepa. Mvula ikachuluka, matope, zinyalala ndi namasupuni zimatseka polowera madzi, ndipo makina amaimitsidwa kuti achotse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo malowo sanabwerere mpaka mu 2023. M'miyezi imeneyo sola ya ku Salima inathandiza kwambiri masana, ngakhale kuti amene anali mu mdima madzulo sakanatha kuziona.

Chimene bungwe lanu lingapindule nacho ndi kusiyanitsa mitundu ya mdima. Pali kuzima kogawana, kumene ESCOM imazimitsa madera mosinthana chifukwa magetsi opangidwa achepa. Kumeneku kumakhudza dera lalikulu nthawi imodzi, kumalengezedwa m'nyuzipepala ndi pa Facebook, ndipo kuimba foni sikukufupikitsa. Pali kuzima kwa vuto la pa malo: mtengo wagwera mawaya nthawi ya mphepo, pholo ladyedwa ndi chiswe kapena lapsa ndi moto wolusa, fyuzi ya pa thiransifoma yaduka. Mukaona kuti tsidya la msewu kukuyaka, kapena nyumba zina zili ndi magetsi pamene zina mababu akungofiira, dziwani kuti ndi vuto la mtundu wachiwiriwu, ndipo limatha kukhala masiku chifukwa aliyense akuganiza kuti mnzake wanena kale. Sankhani munthu mmodzi wonena mavuto otere ndi kusunga nambala ya dandaulo imene wapatsidwa.

Ndipo pali mbali ina imene pa misonkhano anthu amaizemba poopa kudana. Thiransifoma ili ndi malire a katundu amene ingasenze. Nyumba zolumikiza magetsi mwakuba, mawaya odutsa pansi kupita kwa neba, ndi makina owotcherera zitsulo olumikizidwa pa mzere wa nyumba zogona, zimailemetsa mpaka fyuzi kumangoduka madzulo alionse kapena iyo yomwe kupsa. Bungwe limene likufuna magetsi okhazikika liyenera kulimba mtima n'kuikamba nkhani imeneyi, ndipo inu aphunzitsi, amene anthu amakupatsani ulemu, ndinu woyenera kuiyambitsa.

FUNSO

Akonzi, ine ndine mayi wamasiye ndipo ndimagulitsa nsomba pa msika. Aneba a kwathu amatolera ndalama nyumba iliyonse mwezi ndi mwezi. Mwezi watha ndinalephera kupereka, ndipo wina anandiuza kuti akuba akadzabwera kwanga ndisadzakuwe. Sabata yomweyo anamuimitsa mwana wanga wamwamuna akuchokera kunyanja usiku, namukhazika pansi, namulanda ndalama ati ya vakabu. Lisiti sitinapatsidwepo chiyambire. Kodi zimenezi n'zololedwa? Ndikuopa kulankhula poti ndi anthu okhala nawo pafupi.
Mayi wa pa msika, Salima

YANKHO

Mayi, pepani ndi zimene zakuchitikirani. Palibe chololedwa pa zonse mwatchulazi.

Ndalama ya aneba si msonkho wa boma. Ndi chopereka chimene anthu amagwirizana okha, ndipo ngakhale kuti n'koyenera kuti aliyense wopindula ndi ulonda athandizepo, palibe amene ali ndi mphamvu yoopseza wolephera. Mawu akuti musadzakuwe ndi chiopsezo, ndipo tsiku limene kwanu kudzabedwe wonenayo adzakhala woyamba kufunsidwa. Bungwe loganiza bwino limakhala ndi njira ya anthu ngati inu: amasiye, okalamba ndi odwala amachotseredwa kapena kukhululukidwa, ndipo amene alibe ndalama amathandiza ndi manja, monga kulambula njira kapena kulola mwana wamkulu kulowa nawo m'gulu lolonda.

Za vakabu, dziwani kuti mu Januwale 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti gawo la lamulo limene apolisi ankagwiritsa ntchito pomanga munthu chifukwa chongopezeka pa msewu pa nthawi yokayikitsa likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Mlanduwo unachokera kwa wogulitsa malonda wa ku Blantyre amene anagwidwa akulawirira ku ntchito yake. Ngati wapolisi sangamange munthu pa chifukwa chokhacho, mlonda wa m'dera sangamulipiritse n'komwe. Olonda angathe kufunsa munthu mwaulemu kumene akupita, ndipo akamukayikira pa chifukwa chenicheni, monga atanyamula katundu wosadziwika bwino, aitane apolisi. Kulandira ndalama kwa munthu amene wakhazikidwa pansi ndi gulu la anthu a ndodo, dzina lake ndi kulanda, ndipo ndi mlandu waukulu kuposa umene ankamuganizira mwana wanuyo.

Mantha anu ndikuwamvetsa, choncho musayambire pa msonkhano wa anthu onse. Pitani kwa amfumu ndi munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, mukafotokoze modekha, mutchule tsiku ndi ndalama imene inalandidwa, ndipo mupemphe kuti ibwezedwe. Funsaninso amayi anzanu a pa msika; n'zokayikitsa kuti mwana wanu ndi yekhayo amene zamuchitikira. Zikakanika kwa amfumu, wapolisi woyang'anira chitetezo cha m'madera ali ndi udindo pa magulu amenewa, ndipo angathe kuchotsa olakwawo popanda kuthetsa ulonda wonse.

Nkhani ya lisiti si yaing'ono, ndipo pano ndikulankhula ndi atsogoleri a mabungwe onse amene akuwerenga. Mabungwe ambiri a chitetezo sathetsedwa ndi akuba, amathetsedwa ndi thumba lawo lomwe. Wotolera asakhale yemweyo wosunga, aliyense wopereka alandire lisiti kapena asayine m'buku, ndalama zisungidwe ku banki kapena pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene satapapo munthu mmodzi yekha, ndipo msungichuma aziwerenga zolowa ndi zotuluka pa msonkhano uliwonse anthu onse akumva.

FUNSO

Akonzi, waya wa magetsi unaduka m'dera lathu pa mphepo yamkuntho. Kwabwera munthu wina wovala ovolosi amene akuti amadziwana ndi akuluakulu, ndipo tikasonkha ndalama ya mafuta a galimoto ndi “ya fanta” akonza mawa lomwe. Komiti yathu yatsala pang'ono kuvomera. Tipereke?
Msungichuma, Chipoka

YANKHO

Musapereke, a Msungichuma, ndipo ndalama za anthu zimene mukusungazo musazitulutse pa chinthu chimene simungachilembe m'buku ndi dzina lake lenileni. Kukonza waya woduka, pholo lakugwa kapena thiransifoma ndi udindo wa mwini zipangizozo, ndipo malipiro alionse oyenera amaperekedwa ku ofesi kapena ku banki, lisiti n'kutuluka.

Munthu wanuyo angakhale mmodzi mwa anthu a mitundu itatu. Angakhale wakuba wamba amene ovolosi anagula pa kaunjika, ndipo mukamupatsa simudzamuonanso. Angakhale wodziwa pang'ono za magetsi amene adzalumikizadi wayayo mwachidule, mosamangitsa bwino, n'kusiya msampha woti udzagwere mwana kapena kutentha nyumba. Angakhalenso wogwira ntchito weniweni amene akufuna chiphuphu, ndipo pamenepo lamulo limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Dera limene lapereka kamodzi limadziwika, ndipo mavuto ake sachedwa kubwereranso. Funsani chiphaso chake cha ntchito, lembani dzina, ndipo kafunseni ku ofesi. Akaumirira, nkhaniyo ndi ya apolisi kapena bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Chofunika msanga kuposa zonsezi ndi waya uli pansiwo. Uonedwe ngati uli ndi magetsi nthawi zonse, ngakhale dera lonse lili mu mdima. Ikani munthu wamkulu chapatali woletsa ana ndi ziweto, musaukankhe ndi mtengo, makamaka nthawi ya mvula pamene nthaka ndi mitengo n'zonyowa, ndipo ponena ku ofesi tchulani momveka kuti waya wagwa pansi pamene anthu amadutsa, chifukwa uthenga wotero suikidwa pa mzere umodzi ndi wa babu losayaka.

FUNSO

Akonzi, ndili ndi kagolosale ndi firiji yosungira nsomba ndi zakumwa. Magetsi atabwera mwamphamvu usiku wina, firiji ya neba wanga inapsa. Ine ndagula jenereta yaing'ono, ndipo poopa akuba ndimaiyatsira m'chipinda chosungira katundu. Mnzanga wandiuza kuti ndingathe kungoilumikiza pa soketi kuti nyumba yonse iyake. Bungwe lathu silikambapo za zimenezi.
Bambo wa golosale, Senga Bay

YANKHO

Bambo, zinthu ziwiri zimene mwatchulazi zonse zimapha, ndipo bungwe lanu liziike pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wapoizoni umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Jenereta iyake panja, kutali ndi mawindo ndi zitseko, ndipo ngati nkhawa ndi akuba, iwotchereni khola la zitsulo lolowa mphepo mbali zonse n'kulimangirira pa simenti. Mbaula ya makala nayonso isagone m'nyumba yotseka pa chifukwa chomwecho.

Kulumikiza jenereta pa soketi kumabweza mphamvu m'mawaya a panja, ndipo ikadutsa pa thiransifoma imakwera kwambiri, moti munthu amene wakwera pholo kukakonza, akudziwa kuti mzerewo wazimitsidwa, angathe kufa ndi jenereta yanuyo. Magetsi akabwera mwadzidzidzi, jenereta nayo imapsa. Itanani katswiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso akuikireni swichi yosinthira, imene imadula mzere wa ESCOM isanalumikize jenereta. Mukapanda kutero, lumikizani firiji yokhayo ku jenereta ndi chingwe chakechake.

Za firiji, magetsi akazima zulani mapulagi a zipangizo zodula n'kusiya babu limodzi lokudziwitsani kuti abwera, ndipo dikirani mphindi zingapo musanalumikizenso. Pali kachipangizo kotchinjiriza firiji, kamene kamaikidwa pa soketi ndipo kamachedwetsa mphamvu mpaka itakhazikika. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi injini ya firiji yatsopano. Neba wanuyo asataye firiji yopsayo kapena kuitsegulitsa msanga. Alembe tsiku ndi ola limene zinachitika, afunse ngati nyumba zina za pa thiransifoma yomweyo zinawonongekeranso katundu usiku umenewo, ndipo onse okhudzidwa apereke madandaulo awo olembedwa pamodzi kudzera ku bungwe, aliyense ndi nambala ya mita yake ndi lisiti logulira katunduyo ngati lilipo.